Kuchoka ku Banki Kufika pa Bwalo la Maidan: Ntchito ndi Ndale za Viktor Yushchenko

Pa 26 Disembala 2004 anthu a ku Ukraine anaponya voti kachitatu m'miyezi iwiri yokha posankha mtsogoleri wa dziko lawo, ndipo Viktor Yushchenko anapambana ndi mavoti pafupifupi 52 pa 100 alionse. Patadutsa zaka zisanu, pa 17 Januwale 2010, munthu yemweyo anaimanso pa chisankho ali pampando, koma anangopeza mavoti 5.45 pa 100 alionse, nakhala wachisanu pa mndandanda wa opikisana. Si kawirikawiri kuti mtsogoleri amene ali ndi boma m'manja agwe chagada motere, makamaka munthu amene anthu mazana a zikwi anagona pa chisanu cha mu Kyiv, likulu la dzikolo, kwa masabata angapo kuti voti yawo yomusankha isabedwe. Kuti kugwaku kumveke, nkhani iyenera kuyambira ku banki, pakuti ndiko kumene anthu anayamba kumukhulupirira, ndipo ndiko kumene anaphunzira kagwiridwe ka ntchito kamene kanamuthandiza pa zandalama koma n'kumukanika pa ndale.

Yushchenko anabadwa pa 23 Febuluwale 1954 m'mudzi wa Khoruzhivka, m'chigawo cha Sumy, kumpoto chakum'mawa kwa Ukraine, kufupi ndi malire a Russia. Makolo ake onse anali aphunzitsi, ndipo bambo ake anapulumuka m'ndende za Ajeremani, kuphatikizapo ya Auschwitz, atagwidwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iye anaphunzira zowerengera ndalama ku Ternopil, kumadzulo kwa dzikolo, namaliza mu 1975. Anagwirako ntchito yowerengera ndalama pa munda wa boma wolima pamodzi, anatumikira m'gulu la asilikali olondera malire, kenako mu 1976 analowa ntchito pa nthambi yaing'ono ya banki ya boma la Soviet Union m'chigawo cha kwawo. Anakwera pang'onopang'ono pa nkhani za ngongole za ulimi mpaka kusamukira ku Kyiv, kumene anagwira ntchito pansi pa Vadym Hetman, katswiri wa zamabanki amene anamulera pa ntchito. Mu Januwale 1993, Hetman atachoka pa udindo wa mkulu wa banki yaikulu ya dzikolo, Yushchenko ndiye analowa m'malo mwake ali ndi zaka 38.

Anapeza zinthu zitasokonekera kale. Soviet Union itagawanika kumapeto kwa 1991, Ukraine inalibe ndalama yakeyake yokhazikika, choncho boma linatulutsa timapepala togwirizira totchedwa karbovanets, timene poyamba tinkayendera limodzi ndi ruble, ndalama ya Soviet Union, mpaka kumapeto kwa 1992. Mafakitale ndi minda ya boma, imene inazolowera kupanga katundu motsatira lamulo lochokera ku Moscow popanda kusamala ngati pali womugula, inataya misika yake mwadzidzidzi, pamene Russia inayamba kukweza mtengo wa mafuta ndi gasi. Akuluakulu a mafakitalewo ndi mindayo anali ndi mawu aakulu m'nyumba ya malamulo, ndipo banki yaikulu inali pansi pa nyumbayo. Aphungu akagwirizana kuti alimi apatsidwe ngongole zodzalira kapena kuti migodi ya malasha ilipire antchito, banki inkangosindikiza ndalama n'kuzipereka pa chiwongoladzanja chochepa kwambiri, ndipo zambiri sizinkabwezedwa. Ndalama zikamachuluka pamene katundu akuchepa, mitengo imathamanga. M'chaka cha 1993 mitengo ya zinthu inakwera ndi maperesenti oposa 10,000, kutanthauza kuti chinthu chimene chinkagulidwa ndi karbovanets imodzi mu Januwale chinkafuna pafupifupi 100 pofika Disembala. Ndalama zimene okalamba anasunga m'banki moyo wawo wonse zinangolowa m'madzi, ndipo boma linafika potulutsa pepala limodzi la karbovanets 1,000,000.

Omutamanda Yushchenko kawirikawiri amadumpha mfundo yakuti chaka choipitsitsachi chinali chaka chake choyamba pa udindowo. N'zoona kuti sanali ndi ufulu wokana malamulo a aphungu, komabe dzina lake linali pa ntchitoyo. Kusintha kunayamba chakumapeto kwa 1993 pamene banki inayamba kuumira pa ngongole, ndipo kunalimba Leonid Kuchma atasankhidwa kukhala pulezidenti mu Julayi 1994 n'kugwirizana ndi IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku maiko. Kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pa maperesenti pafupifupi 400 mu 1994, pafupifupi 180 mu 1995, pafupifupi 40 mu 1996, ndipo mu 1997 kunali pa 10.

Ntchito imene inamupangira dzina ndi yotulutsa ndalama yatsopano ya hryvnia. Dzinali linachokera ku muyezo wa siliva umene unkagwiritsidwa ntchito mu ufumu wakale wa Kyiv zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo mapepala oyamba anasindikizidwa ku Canada mu 1992. Anakhala m'nkhokwe zaka zinayi osatulutsidwa. Kudikiraku kunali kwanzeru, chifukwa ndalama yatsopano ikatuluka pamene boma likusindikizabe mosadziletsa, imawola ngati yakale, ndipo anthu sakhulupiriranso yachitatu. Kuyambira pa 2 mpaka pa 16 Seputembala 1996 anthu anasintha karbovanets 100,000 ndi hryvnia imodzi. Muyezo unali umodzi kwa aliyense, pa malipiro, pa mitengo ya m'sitolo ndi pa ndalama zosungidwa m'banki, ndipo panalibe kulanda mwa kuika malire pa kuchuluka kwa ndalama zimene munthu angasinthe, monga mmene boma la Soviet linachitira mu 1991. Anthu amene anagwiritsidwapo fuwa la moto kangapo ankayembekezera chinyengo china, koma sichinabwere. Dola imodzi ya ku America inkagulidwa ndi hryvnia pafupifupi 1.76, ndipo mtengowo sunasunthe kwambiri kwa zaka ziwiri. Ntchitoyi inali ya anthu ambiri, kuphatikizapo Hetman amene anaiyamba ndi nduna za zachuma za nthawiyo, koma siginecha imene anthu ankaiona pa mapepala atsopano ambiri inali ya mkulu wa banki.

Chaka cha 1998 chinali chowawa. Mu Epulo, Hetman anawomberedwa ndi mfuti m'nyumba imene ankakhala mu Kyiv. Mu Ogasiti, Russia inalephera kubweza ngongole zake ndipo ruble inagwa, zimene zinakokera hryvnia pansi mpaka dola imodzi inafika pa hryvnia zoposa 3 pakutha kwa chaka, n'kupitirira 5 chaka chotsatira. Mabanki a ku Ukraine sanagwe mmene anagwera a ku Russia, ndipo ambiri anati n'chifukwa cha kusamala kwa banki yaikulu. Pambuyo pake, mu 2000, kunadziwika kuti m'zaka za pakati pa 1996 ndi 1998 bankiyo inkaonetsa IMF kuti ili ndi ndalama zakunja zambiri kuposa zimene inali nazo, mwa kuziyendetsa kudzera m'mabanki ena kuti ziwerengedwe kawiri. Sipanapezeke umboni wakuti Yushchenko anaikapo kanthu m'thumba mwake, koma nkhaniyi inasonyeza kuti nayenso ankadziwa kukongoletsa mabuku zinthu zikathina.

Kuchma atasankhidwanso mu Novembala 1999, dziko linali ndi ngongole zakunja zoyenera kubwezedwa chaka chotsatira ndipo thumba la boma linali lopanda kanthu. Anafunika munthu amene obwereketsa ndalama angamumvere, ndipo mu Disembala Yushchenko anakhala nduna yaikulu. Vuto limene anakumana nalo linali lakuti mbali yaikulu ya chuma cha dziko inkayenda popanda ndalama. Fakitale inkalipira magetsi ndi zitsulo, kampani ya magetsi inkalipira malasha ndi zitsulo zomwezo kapena ndi mapepala olonjeza, ndipo boma linkafafaniza msonkho posinthana ndi ngongole zimene linali nazo ku makampaniwo. Pa kusinthana kulikonse pankakhala mkhalapakati amene ankaika mtengo wongopeka n'kudya phindu, ndipo ambiri mwa ampondamatiki a ku Ukraine analemera motere. Mapeto ake aphunzitsi, madokotala ndi opuma pantchito ankakhala miyezi osalandira kanthu, pakuti boma silingalipire penshoni ndi zitsulo.

Pothana ndi zimenezi Yushchenko anatenga Yulia Tymoshenko kukhala wachiwiri wake woyang'anira mafuta ndi magetsi. Mayiyu anali atalemera yekha pa malonda a gasi m'zaka za m'ma 1990, choncho njira zonse zozembera ankazidziwa. Boma linalamula kuti magetsi ndi misonkho zizilipiridwa ndi ndalama zenizeni, linachotsa maufulu ambiri osalipira msonkho amene makampani okondedwa anali nawo, ndipo ndalama zolowa zitachuluka linabweza mapenshoni amene anthu anali asanalandire. Mu 2000 chuma cha Ukraine chinakula ndi maperesenti pafupifupi 6, koyamba chilandirire ufulu wodzilamulira, ndipo mu 2001 chinakula ndi oposa 9. Kugwa kwa hryvnia mu 1998, kumene kunatchipitsa katundu wa dzikolo kunja, komanso kukwera kwa mtengo wa zitsulo pa msika wa dziko lonse, zinathandiza kwambiri. Koma nkhalamba ya kumudzi imene inalandira penshoni yake yonse inkadziwa dzina limodzi lokha.

Pa nthawi yomweyi panabuka nkhani imene inaonetsa mbali ina ya khalidwe lake. Mtolankhani Georgiy Gongadze anasowa pa 16 Seputembala 2000, ndipo thupi lake lopanda mutu linapezeka mu Novembala m'nkhalango ya kufupi ndi Tarashcha. Kumapeto kwa mwezi umenewo phungu Oleksandr Moroz anatulutsa mawu amene msilikali wolondera pulezidenti, Mykola Melnychenko, ananena kuti anawajambula mobisa mu ofesi ya Kuchma, momwe munkamveka liwu lofanana ndi la pulezidenti likulamula kuti mtolankhaniyo athane naye. Kuchma anakana. Anthu anayamba zionetsero zofuna kuti atule pansi udindo, Tymoshenko anachotsedwa ntchito mu Januwale 2001 n'kumangidwa mwezi wotsatira, ndipo ambiri ankayembekezera kuti nduna yaikulu iima ndi ochita zionetsero. M'malo mwake, mu Febuluwale 2001, Yushchenko anasayina kalata pamodzi ndi Kuchma ndi sipikala Ivan Plyushch yodzudzula zionetserozo ndi mawu okhadzula. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa: kukhulupirika kwake kwa Kuchma sikunamupulumutse, pakuti pa 26 Epulo 2001 aphungu 263, a chipani cha Chikomyunizimu pamodzi ndi a magulu a ampondamatiki amene anataya phindu, anavota kuti alibe chikhulupiriro mwa boma lake.

Kuchotsedwako ndiko kunamusandutsa wotsutsa boma, udindo umene iye sanaufune. Anasonkhanitsa zipani zing'onozing'ono kukhala mgwirizano wa Nasha Ukrayina, kutanthauza Ukraine Wathu, umene pa chisankho cha aphungu cha mu Malichi 2002 unapeza mavoti a zipani ochuluka kuposa wina aliyense, pafupifupi 24 pa 100 alionse. Ngakhale zinali choncho, a boma anakopa aphungu oima paokha n'kupanga gulu lalikulu m'nyumba ya malamulo. Ofesi ya pulezidenti, imene Viktor Medvedchuk anayamba kuiyendetsa chaka chomwecho, inkatumiza ku mawayilesi a kanema malangizo achinsinsi otchedwa temnyky, onena nkhani zoyenera kuulutsidwa ndi zoyenera kusiyidwa. Pa chisankho cha 2004 boma linaimika Viktor Yanukovych, nduna yaikulu yochokera ku Donetsk, kum'mawa kwa dzikolo, amene pulezidenti wa Russia, Vladimir Putin, anamuchirikiza poyera. Yushchenko, popeza wayilesi zazikulu zinamutsekera, anayendayenda m'matauni kuchititsa misonkhano, atagwirizana ndi Tymoshenko kuti mayiyo asaime koma amuthandize.

Usiku wa pa 5 Seputembala 2004 anadya chakudya ndi mkulu wa bungwe la zachitetezo la SBU, Ihor Smeshko, pa nyumba ya wachiwiri wake, Volodymyr Satsyuk. Atangochoka anayamba kudwala, ndipo patapita masiku ochepa anatengeredwa ku chipatala cha Rudolfinerhaus ku Vienna. Anabwerera ku misonkhano yokopa anthu akumva ululu woopsa wa msana, ndipo m'masabata otsatira nkhope yake, imene inali yosalala, inatupa, inada n'kudzaza zithupsa ndi zipsera. Mu Disembala madokotala anatsimikiza kuti anapatsidwa poizoni wa dioxin, wa mtundu woopsa kwambiri wotchedwa TCDD, ndipo kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2009 anati m'magazi mwake munali poizoniyu kuchuluka kwake kuwirikiza ka 50,000 poyerekeza ndi munthu wamba. Amene anali pa chakudyacho anakana mlandu, Satsyuk anasamukira ku Russia, ndipo palibe amene khoti linamupeza wolakwa ngakhale pa zaka zisanu zimene wodwalayo anali pulezidenti. Nkhope yowonongekayo inalankhula kwa ovota zimene wayilesi zinkabisa.

Pa gawo loyamba la chisankho, pa 31 Okutobala, awiriwa anatsala pang'ono kufanana, aliyense ali ndi mavoti opitirira pang'ono 39 pa 100 alionse, Yushchenko ali patsogolo pang'ono. Gawo lachiwiri linachitika pa 21 Novembala, ndipo bungwe loyendetsa chisankho linati Yanukovych wapeza 49.46 pamene Yushchenko wapeza 46.61. Kafukufuku wofunsa anthu potuluka m'malo ovotera anasonyeza zosiyana. Njira zoberazo zinali zoonekeratu: ziphaso zololeza munthu kuvotera kutali ndi kwawo zinagawidwa mochuluka, anthu ananyamulidwa pa mabasi ndi sitima kukavota malo angapo, mavoti a odwala ovotera kunyumba anachuluka modabwitsa, ndipo m'chigawo cha Donetsk kunalengezedwa kuti anthu oposa 96 pa 100 alionse anavota. Putin anayamikira Yanukovych zotsatira zisanalengezedwe n'komwe mwalamulo.

M'mawa wa pa 22 Novembala anthu anayamba kudzaza bwalo la Maidan Nezalezhnosti pakati pa Kyiv, atavala nsalu za mtundu wa lalanje umene unali chizindikiro cha Yushchenko. Zionetserozi sizinangobuka zokha. Gulu la achinyamata la Pora ndi a m'misasa ya Yushchenko anali atakonzeratu matenti, nsanja ndi zokuzira mawu, amalonda ang'onoang'ono ndi apakati amene anatopa ndi kusautsidwa ndi a msonkho anapereka ndalama, khonsolo ya mzinda wa Kyiv inakana kuvomereza zotsatira, ndipo anthu wamba ankabweretsa chakudya chotentha ndi zovala ku matenti amene anadzaza msewu wa Khreshchatyk. Pa wayilesi ya kanema ya boma, womasulira nkhani m'chinenero cha manja, Natalia Dmytruk, anasiya zimene wowerenga nkhani ankanena n'kuuza osamva kuti zotsatirazo n'zabodza. Chachikulu n'chakuti panalibe kukhetsa mwazi. Akuluakulu ena a zachitetezo sanafune kulimbana ndi khamulo, ndipo amkhalapakati, mapulezidenti Aleksander Kwaśniewski wa ku Poland ndi Valdas Adamkus wa ku Lithuania, ndi Javier Solana wa European Union, anakhazika mbali zonse pa tebulo limodzi. Pa 3 Disembala Khoti Lalikulu linagamula kuti chinyengo chinali chochuluka moti chifuniro cha ovota sichikanadziwika, nalamula kuti gawo lachiwiri lichitikenso. Owerenga a ku Malawi amene anatsatira chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020 ndi chisankho chachibwereza cha mu Juni chaka chomwecho akudziwa kulemera kwa tsiku lotere.

Chigamulo cha khoti pachokha sichinali chokwanira, ndipo apa ndi pamene pagona mfundo imene imafotokoza zaka zisanu zotsatira. Kuti chisankho chachibwereza chikhale choyera, pankafunika kusintha lamulo la chisankho, kuchepetsa ziphaso zovotera kutali ndi mavoti a kunyumba, komanso kuika anthu atsopano m'bungwe loyendetsa chisankho. Zonsezi zinkafuna mavoti a aphungu ndi siginecha ya Kuchma. Kuchma ndi anthu ake, poona kuti mpando uwachoka, anaika mtengo wawo: malamulo oyendetsera dziko asinthidwe kuti pulezidenti wotsatira akhale ndi mphamvu zochepa. Pa 8 Disembala 2004 aphungu 402 anavomereza zonsezi pamodzi. Malinga ndi kusinthaku, nduna yaikulu inayenera kuchokera ku mgwirizano wa zipani zokhala ndi aphungu ambiri, pulezidenti anataya mphamvu yoichotsa, ndipo pa nduna zonse anatsala ndi ufulu wosankha ya zachitetezo ndi ya nkhani zakunja zokha. Tymoshenko anatsutsa, akunena kuti khamu la pa Maidan likanatha kupambana popanda kugula chilichonse. Yushchenko anavomera, mwina poopa mwazi, mwinanso chifukwa chibadwa chake chinali cha munthu wokonda kumvana pa tebulo. Pamaso panga kuvomerako kunali koyenera pa tsikulo, pakuti kum'mawa kwa dzikolo akuluakulu ena anali atayamba kale kulankhula zodzipatula. Vuto linali lakuti malamulo atsopanowo analembedwa mothamanga, osalongosola bwino malire a pulezidenti ndi a nduna yaikulu, ndipo anayenera kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2006. Izi zikutanthauza kuti atalumbira pa 23 Januwale 2005, Yushchenko anali ndi chaka chimodzi chokha cha mphamvu zonse.

Chakacho chinathera m'kukokanakokana. Anapereka udindo wa nduna yaikulu kwa Tymoshenko, koma nthawi yomweyo anaika Petro Poroshenko, amene ankaufunanso udindowo, kukhala mlembi wa khonsolo ya zachitetezo ndi mphamvu zowonjezera, ngati kuti maboma awiri angayende m'nyumba imodzi. Ku banki yaikulu, mkulu akalamula, anthu ochepa odziwa ntchito amachita. M'boma la mgwirizano aliyense anali ndi chipani chake, omuthandiza ndi ndalama ake ndi maloto ake a upulezidenti, ndipo Yushchenko, amene thupi lake linali likulimbanabe ndi poizoni ndipo ankachitidwa maopaleshoni pafupipafupi, ankachedwa kugamula milandu ya anthu ake. Kumayambiriro kwa Seputembala 2005 mkulu wa ofesi yake, Oleksandr Zinchenko, anatula pansi udindo akuloza chala Poroshenko ndi ena kuti akuchita katangale, zimene iwo anakana. Pa 8 Seputembala pulezidenti anachotsa boma lonse la Tymoshenko, ndipo Poroshenko nayenso anachoka. Kuti aphungu avomereze nduna yaikulu yatsopano, Yuriy Yekhanurov, iye anasayina pangano ndi Yanukovych, munthu amene miyezi khumi yapitayo anthu ankamuimba mlandu woba chisankho. Pa nsanja ya Maidan kunkanenedwa kuti achifwamba apita kundende, koma palibe wamkulu aliyense mwa okonza chinyengocho amene anamangidwa. Pa mlandu wa Gongadze, apolisi atatu anapezeka olakwa mu 2008 ndipo mkulu wawo, Oleksiy Pukach, anagwidwa mu 2009, koma amene analamula sanaimepo pa khoti n'kuweruzidwa.

Chimodzi chimene chinayenda bwino chaka chimenecho chinali cha mtundu wa ntchito imene iye ankaidziwa. Fakitale yaikulu ya zitsulo ya Kryvorizhstal inali itagulitsidwa mu 2004 pa madola pafupifupi 800 miliyoni kwa Rinat Akhmetov ndi Viktor Pinchuk, mkamwini wa Kuchma, pa mpikisano umene unakonzedwa kuti ena asalowe. Kugulitsako kutathetsedwa, fakitaleyo inagulitsidwanso mu Okutobala 2005 pa malonda a poyera oonetsedwa pa kanema, ndipo kampani ya Mittal Steel inalipira madola 4.8 biliyoni.

Zotsatira zake zinabwera mofulumira. Pa 1 Januwale 2006 kampani ya gasi ya ku Russia ya Gazprom inachepetsa gasi wopita ku Ukraine pofuna kukweza mtengo kuchoka pa madola 50 kufika pa 230 pa makiyubiki mita 1,000, ndipo mkanganowo unatha ndi mtengo wa madola 95 kudzera mwa mkhalapakati wokayikitsa, kampani ya RosUkrEnergo. Pa chisankho cha aphungu cha mu Malichi chipani cha Yanukovych chinapeza maperesenti 32, gulu la Tymoshenko 22, Nasha Ukrayina 14 okha. Zipani za lalanje zinatha miyezi itatu zikulimbirana maudindo mpaka Moroz, amene chipani chake chinali nawo, anawolokera ku mbali ya Yanukovych posinthana ndi mpando wa sipikala, ndipo mu Ogasiti 2006 Yushchenko anapereka yekha dzina la Yanukovych kuti akhale nduna yaikulu. Mu Epulo 2007 anathetsa nyumba ya malamulo ponena kuti aphungu akugulidwa, chisankho china chinachitika mu Seputembala, Tymoshenko anabwerera pa udindo mu Disembala, ndipo mkangano wa awiriwa unapitirira poyera kuposa kale. Mavuto a zachuma a dziko lonse atafika mu 2008, mtengo wa zitsulo unagwa, hryvnia inatsika kuchoka pa 5 kufika pafupifupi 8 pa dola, IMF inavomereza ngongole ya madola 16.4 biliyoni, ndipo mu 2009 chuma chinachepa ndi maperesenti pafupifupi 15. Mabanja ambiri anali atatenga ngongole za nyumba ndi magalimoto m'madola pamene malipiro awo anali m'hryvnia. Anthuwa ankaona pulezidenti amene anatchuka ndi kulimbitsa ndalama akukangana ndi nduna yake yaikulu pa kanema, wina akuteteza mkulu wa banki yaikulu, Volodymyr Stelmakh, wina akufuna kuti achotsedwe.

Pa nkhani zakunja, Ukraine inalowa m'bungwe la zamalonda la WTO mu Meyi 2008. Pa msonkhano wa NATO, mgwirizano wa zankhondo wa maiko a kumadzulo, ku Bucharest mu Epulo chaka chomwecho, Germany ndi France anakana kuipatsa ndondomeko yolowera, ngakhale chikalata chomaliza chinati tsiku lina Ukraine ndi Georgia adzakhala mamembala. Nkhondo ya Russia ndi Georgia itabuka mu Ogasiti, Yushchenko anapita ku Tbilisi, likulu la Georgia, kukaima ndi pulezidenti wa dzikolo, Mikheil Saakashvili. Pa nthawiyo anthu ambiri a ku Ukraine sankafuna NATO, ndipo machenjezo ake okhudza Russia ankamveka ngati kukokomeza. Russia itaukira Ukraine mu 2014 ndi mu 2022, ambiri anayamba kuwawerenga mwa mtundu wina.

Mtima wake weniweni unali pa mbiri ya dziko. Analimbikira kuti njala ya Holodomor ya mu 1932 ndi 1933, imene inapha anthu mamiliyoni angapo chifukwa cha kulanda mbewu kumene boma la Stalin linachita, izindikirike ngati kupha mtundu mwadala, ndipo nyumba ya malamulo inavomereza zimenezi mu Novembala 2006. Anakhazikitsa bungwe losunga chikumbutso cha dziko, anatsegulitsa mafayilo ambiri achinsinsi a nthawi ya Soviet, ndipo chipilala cha Holodomor chinatsegulidwa mu Kyiv mu 2008. Koma anaperekanso ulemu wa Ngwazi ya Ukraine kwa Roman Shukhevych mu 2007 ndi kwa Stepan Bandera mu Januwale 2010, atsogoleri a omenyera ufulu amene kumadzulo kwa dzikolo amalemekezedwa, pamene ku Poland, pakati pa Ayuda ndi kum'mawa kwa Ukraine amakumbukiridwa chifukwa cha kugwirizana ndi Ajeremani pa nthawi ina komanso kuphedwa kwa anthu wamba kumene magulu awo anachita. Ulemu wa Bandera anaupereka atagonja kale pa gawo loyamba la chisankho, ndipo khoti la ku Donetsk linauthetsa patapita miyezi yochepa.

M'zaka zake malangizo achinsinsi opita ku mawayilesi anatha, atolankhani ankamunyoza iye mwini popanda kusowa, ndipo zisankho za 2006, 2007 ndi 2010 zinavomerezedwa ndi oyang'anira ochokera kunja kuti zinayenda mwaufulu. Chisankho chaufulu chomwecho ndicho chinamutulutsa. Pa gawo lachiwiri la mu Febuluwale 2010, pamene panatsala Tymoshenko ndi Yanukovych, iye anakana kuthandiza mnzake wa pa Maidan nalimbikitsa omutsatira kuvota mokana onse awiri, ndipo Yanukovych anapambana ndi 48.95 pamene Tymoshenko anapeza 45.47. Mu Okutobala chaka chomwecho Khoti la Malamulo Oyendetsera Dziko linathetsa kusintha kwa pa 8 Disembala 2004, motero mphamvu zonse zimene Yushchenko anazipereka kuti chisankho chachibwereza chitheke zinabwerera kwa Yanukovych, munthu amene Yushchenko anamugonjetsa pa chisankho chachibwerezacho. Mu Ogasiti 2011 anakaima m'khoti ngati mboni pa mlandu wa Tymoshenko wokhudza pangano la gasi la mu 2009, napereka umboni womutsutsa, ndipo mayiyo anagamulidwa zaka 7 m'ndende. Pa chisankho cha aphungu cha 2012, Nasha Ukrayina, ndi dzina la Yushchenko pamwamba pa mndandanda, inapeza mavoti 1.11 pa 100 alionse. Kuchokera pamenepo sanakhalenso ndi udindo m'boma, ndipo nthawi yake yambiri amaithera pa kuweta njuchi, ntchito imene anaikonda kuyambira ali mwana ku Khoruzhivka, ndi kusonkhanitsa ziwiya zakale za anthu a kumidzi ya Ukraine.